Kupuma pa ntchito pa zaka 55 uli ku London: pamafunika ndalama zingati?

Mayi a Tadala:
Moni nonse apagulu. Ndili ndi funso lomwe likundisowetsa tulo, ndipo ndikupempha mayankho a manambala, osati ongondilimbitsa mtima. Ndili ndi zaka 43, ndine namwino mu NHS (zipatala za boma kuno ku UK), ndinafika kuno mu 2006. Bambo a kunyumba ndi amsinkhu wanga, amayendetsa basi. Tikukhala ku Woolwich m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri zogona, £1,700 pamwezi. Zina zonse, chakudya, magetsi ndi gasi, council tax (msonkho wa kukhonsolo), mafoni, zovala ndi matikiti opitira kumudzi, zimatidyera pafupifupi £1,800. Kumudzi timatumiza £300 mwezi uliwonse, ya mayi anga ndi fizi ya ana awiri a malemu achimwene. Kubanki tinasungako £40,000. Msana wangawu sungapirire mashifiti a maola 12 mpaka zaka 68. Ndikufuna tonse awiri tidzapume pa zaka 55 koma tikhalebe mu London muno, poti ana athu anabadwira kuno ndipo moyo wawo uli kuno. Tsiku losiya ntchitolo tidzakhale tili ndi zingati?

Achimwene a ku Croydon:
Achemwali, mwachita bwino kuika manambala poyera, chifukwa ambiri amafunsa funsoli akubisa zomwe amawononga. £3,800 pamwezi ndi £45,600 pachaka. Anthu ofuna kupuma msanga amayamba ndi kuchulukitsa ndalama ya pachakayo ka 25. Kwa inu zikukwana £1,140,000.

Ka 25 kameneka kali ndi gwero lake. Mu 1994 mlangizi wa zachuma wa ku America, William Bengen, anaunika mmene masheya ndi ma bond (ndalama zobwereketsa boma) a boma la kwawoko anayendera kuyambira 1926. Anapeza kuti munthu wotapa 4% ya chuma chake chaka choyamba, kenako n'kumawonjezera pang'ono malinga ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ndalama zinkamukwanira zaka 30 ngakhale akanapuma pa nthawi yoipitsitsa. Mu 1998 aphunzitsi atatu a pa Trinity University ku Texas anapezanso zofanana.

Koma taonani zinthu ziwiri. Zaka 30 kuchokera pa 55 zikukusiyani pa 85, ndipo amayi ambiri kuno amapitirira pamenepo. Chachiwiri, manambalawo ndi a msika wa ku America, womwe unayenda bwino kuposa mayiko ambiri. Katswiri wina wa zachuma, Wade Pfau, atayesa njira yomweyo pa mayiko ena olemera anapeza kuti m'mayiko ambiri 4% inali yochuluka. Ine ndimawerengera pa 3.5%, ndipo pamenepo mukufunika pafupifupi £1.3 miliyoni.

Nachisale:
Mayo ine. Ife ogwira ntchito yosamalira okalamba tingowerenga n'kudutsa basi. Miliyoni ya mapaundi!

Mayi a Tadala:
Achimwene, mwandifooketsa ndithu. Ndiye kuti nkhaniyi yathera pomwepa?

Achimwene a ku Croydon:
Ayi, siinathe. Nambalayo ndi ya munthu yemwe alibe penshoni iliyonse kutsogolo, pomwe inu muli nazo. Koma tisanafike uko, tiiphwanye kaye kuti muone chomwe chikuilemeretsa. Lendi yokha, £20,400 pachaka, ikufuna £510,000. Ya kumudzi ija, £3,600 pachaka, ikufuna £90,000. Zotsala zonse £540,000. Pafupifupi theka la mtolo wanu ndi denga basi.

Agogo a ku Barking:
Mwananga Mayi a Tadala, ndimadikira kuti wina atchule dengalo. Ine ndinapuma pa zaka 66 ndipo ndikukhala bwinobwino mu London muno ndi ndalama zomwe inu simungakhulupirire kuchepa kwake. Chinsinsi palibe china, nyumba ndinagula kalekale mitengo isanapenge ndipo ngongole yake ndinamaliza ndisanasiye ntchito. Anzanga omwe tinkagwira limodzi, malipiro ofanana ndendende, koma iwo anakhalira lendi, ena akugwirabe ntchito ali ndi zaka 70. Lendi sikalamba, imakwera chaka ndi chaka, ndipo mwini nyumba akafuna kugulitsa, iwe wa ndodo uyambenso kusaka pokhala. Lero lendi ya nyumba wamba mu London yadutsa £2,000 pamwezi. Yanu ya £1,700 musaiyese kuti idzakhala pomwepo zaka 12 zikubwerazi.

Chinanso muchidziwe: London imayamba kukomera munthu akafika zaka 60, osati 55. Pa 60 mumatenga khadi ya 60+ Oyster, basi ndi Tube (sitima zapansi panthaka) mumakwera ulere kupatula m'mamawa masiku a ntchito. Mankhwala olembedwa ndi dokotala nawonso amayamba kukhala aulere pa 60. Pa 55 zonsezi mumalipira nokha.

Achimwene a ku Croydon:
Agogo akunena zoona. Bungwe la Pensions UK, lomwe kale linkatchedwa Pensions and Lifetime Savings Association, limatulutsa manambala a zomwe opuma pa ntchito amafunika. A chaka cha 2024 anali akuti banja la anthu awiri limafunika £22,400 pachaka pa moyo wongokwanira zofunika, £43,100 pa moyo wapakatikati, ndi £59,000 pa moyo wa mwanaalirenji. A London amakwererapo pang'ono. Koma anthu ambiri amaphonya mfundo yakuti manambala onsewa amawerengera munthu wopanda lendi komanso wopanda ngongole ya nyumba. Wa lendi awonjezere yekha pamwamba.

Bambo a Yamikani:
Ine ndikudabwa kuti mukuvutikiranji. Miliyoni ya mapaundi kuti uzikhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri, kuzizira miyezi isanu ndi umodzi? Ndi gawo lochepa chabe la ndalama imeneyo munthu umamanga nyumba yabwino ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ina yoika anthu a lendi, n'kumadya zakudimba kwako. Ine poloti ndinagula kale, maziko anathiridwa. Pa 55 ndikupakira. Ana akula, azidzabwera pa holide.

Nabanda wa ku Luton:
Bambo a Yamikani, maganizo anu si oipa, koma musawanene ngati ulendo wopanda minga. Pali zinthu zomwe anthu amazindikira atafika kale kumudzi.

Penshoni ya boma la UK mudzalandira ndithu muli ku Malawi, koma idzaima pa mlingo womwe munayambira. Siidzakweranso chaka ndi chaka ngati ya okhala kuno, chifukwa palibe mgwirizano wotero pakati pa mayiko awiriwa. Ndi chimodzimodzi kwa opita ku South Africa, Canada kapena Australia. Wopita ku America, ku Jamaica kapena ku mayiko a EU yake imakwerabe. Pa zaka 20 kusiyana kwake n'kwakukulu.

Ngati muli ndi ILR chabe, chilolezo chokhala kuno mpaka kale popanda unzika, mukakhala kunja kwa UK zaka ziwiri zotsatizana imafa. Unzika sufa choncho, ndipo poti Malawi anasintha lamulo n'kuvomereza unzika wa mayiko awiri, tengani kaye pasipoti musanapakire. Komabe ngakhale muli ndi pasipotiyo, chipatala chaulere cha NHS chimayendera komwe munthu akukhala, osati pasipoti yomwe wanyamula. Wosamukiratu sangamangobwera kudzapanga opaleshoni n'kubwerera. Ndiye mu bajeti yanu muikemo ndalama ya matenda, chifukwa mukudziwa kuti anthu athu akadwala kwambiri amathamangira ku India kapena ku South Africa ndi ndalama zam'thumba.

Ndipo chonde chuma chanu musachisinthe chonse kukhala makwacha. Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44% mu November 2023. Amene anaika zonse kubanki kumudzi pokopeka ndi chiwongoladzanja chachikulu anadzuka m'mawa chuma chitachepa.

Bambo a Yamikani:
Za penshoni kuima ndikuzidziwa, ndinaziwerengera kale. Ngakhale itaima, £900 pamwezi ku Lilongwe ndi ndalama. Za matendazo ndiye mwandigwira pamtima, mayi.

Mayi a Tadala:
Bambo a Yamikani, ndikulemekeza njira yanu koma si yanga. Mayi anga anakalamba kutali ndi ine, zidzukulu zawo amaziona pa foni. Sindikufuna kuti inenso ndidzakalambe kutali ndi ana anga, ulendo uno ine ndili kumudzi iwo ali kuno. Ndikufuna ndizidzatenga mdzukulu kusukulu ndi miyendo yanga. Ndiye tiyeni tibwerere ku London. Achimwene a ku Croydon, munati ndili ndi mapenshoni kutsogolo.

Achimwene a ku Croydon:
Eya, ndipo apa ndi pomwe nkhani yanu ikusinthira. Musamaganize za nambala imodzi yaikulu. Ganizani za zitseko zomwe zimatseguka pa misinkhu yosiyana, ndi zaka zomwe muyenera kudzidyetsa nokha zitsekozo zisanatseguke.

Penshoni ya boma: yathunthu mu chaka cha 2025/26 inali £230.25 pa sabata, pafupifupi £12,000 pachaka. Awiri ndi £24,000. Koma obadwa pambuyo pa April 1978, malinga ndi lamulo lomwe lilipo, adzayamba kulandira pa 68. Yathunthu imafuna zaka 35 zolipira National Insurance, ndalama yomwe boma limadula pa malipiro, ndipo osakwanitsa zaka 10 salandira kanthu. Inu mukasiya pa 55 mudzakhala ndi zaka pafupifupi 31. Zotsalazo mutha kugula, chaka chimodzi ndi ndalama yoposa pang'ono £900. Samalaninso kuti ogwira ntchito mu NHS ankadulidwa National Insurance yocheperako mpaka April 2016, ndiye ena amafunika zaka zoposa 35. Lowani pa gov.uk muone nokha zomwe akukulonjezani.

Penshoni ya kuntchito ya bambo: pano munthu amayamba kutapa pa 55, koma kuyambira 6 April 2028 msinkhuwo ukukwera kufika 57. Ndiye pa 55 chitseko chimenecho chidzakhala chotseka.

Choncho kuchokera pa 55 kufika 68 ndi zaka 13. Zaka 13 kuchulukitsa ndi £45,600 ndi £592,800. Tichotsepo £40,000 yanu ija, titsale ndi £552,800 yoti musonkhe m'miyezi 144. Popanda phindu lililonse ndi pafupifupi £3,800 pamwezi, ndalama yofanana ndi yonse yomwe mukudya panopa. Ngakhale mutaika m'masheya ndipo msika utayenda bwino, mukulankhulabe za ndalama yoposa £2,000 mwezi uliwonse osadumphitsa. Kwa namwino ndi dalaivala wa basi a pa lendi, 55 ndi yovuta kwambiri. Sindikubisirani.

Sisita wa ku Lewisham:
Ndilowererepo, poti za penshoni ya NHS ndazitsata bwino pokonzekera kupuma kwanga. Mayi a Tadala, mwati munayamba 2006? Ngati munalowa mu penshoni nthawi yomweyo ndipo simunatulukemo, muli ndi gawo mu ndondomeko yakale yotchedwa 1995 Section, chifukwa 2008 Section inayamba mu April 2008. Gawo la 1995 limalipidwa lathunthu pa zaka 60, osati 68. Chaka chilichonse chomwe munagwira chimakupatsani 1/80 ya malipiro anu omaliza, kuphatikizanso ndalama ya nthawi imodzi yokwana katatu penshoni ya pachakayo, yopanda msonkho. Ndipo chifukwa cha chigamulo cha khothi chotchedwa McCloud, zaka za pakati pa April 2015 ndi March 2022 mudzapatsidwa mwayi wosankha kuti ziwerengedwe mu gawo lakalelo.

Tiyerekeze kuti malipiro anu ndi £40,000. Zaka 16, kuchokera 2006 kufika 2022, zikupatsani £8,000 pachaka kuyambira pa 60 mpaka kumwalira, yokwera ndi mitengo ya zinthu, komanso £24,000 pamanja. Kuyambira 2022 tonse tili mu 2015 Scheme, momwe chaka chilichonse chimawonjezera 1/54 ya malipiro a chaka chimenecho, pafupifupi £740 pa malipiro amenewa. Mukagwira mpaka 60 ndi zaka 20, ndiye £14,800 pachaka, koma imeneyo msinkhu wake umatsata penshoni ya boma. Mutha kuitenga msanga, koma amaidula kwambiri ndipo kudulako n'kwa moyo wonse.

Tsegulani Total Reward Statement yanu, chikalata choonetsa penshoni ya NHS yomwe mwasonkha. Anamwino ambiri sayitsegula n'komwe, chonsecho ndi chuma chachikulu kuposa chilichonse chomwe ali nacho. Zimandipweteka kuona atsikana obwera kumene akutuluka mu penshoni kuti ndalama yotumiza kumudzi ichuluke.

Achimwene a ku Croydon:
Sisita, mwabweretsa chinthu chachikulu. Tiwerengenso pa 60. Zaka zodzidyetsa zatsika kufika 8. Chaka chilichonse £45,600 kuchotsa £8,000 ndi £37,600, kuchulukitsa ka 8 ndi £300,800. Tichotse £24,000 ya pamanja ndi £40,000 yomwe ilipo kale, titsala ndi £236,800. Muli ndi zaka 17 zosonkhera, miyezi 204. Ndi pafupifupi £1,160 pamwezi kwa anthu awiri, tisanawerengere phindu, tisanawerengerenso penshoni ya kuntchito ya bambo. Pofika 68, za boma £24,000, za NHS £8,000 ndi £14,800, zonse pamodzi £46,800 msonkho usanadulidwe. Zikuyandikira zomwe mukudya lero.

Ndalama ya zaka 8 zimenezo malo ake abwino ndi ISA, akaunti yapadera yosungira ndalama kapena masheya. Munthu aliyense amaloledwa kuikamo £20,000 pachaka, phindu lake lilibe msonkho, ndipo mumatapa nthawi iliyonse popanda kudikira msinkhu. Kuisiya pa akaunti wamba kwa zaka 17 n'kuidyetsa kwa kukwera mitengo. Mukukumbukira kuti mu October 2022 mitengo inakwera ndi 11.1% poyerekeza ndi chaka chapitacho.

Mayi a Tadala:
Kusiyana kwa zaka zisanu zokha kuchoka pa £3,800 kufika £1,160? Ndawerenga kawiri kuti ndikhulupirire.

Sisita wa ku Lewisham:
Ndipo zaka zisanuzo sikuti muzidzagwira ngati lero ayi. Malamulo a penshoni ya NHS amalola kupuma pang'onopang'ono: mumayamba kulandira gawo la penshoni uku mukugwirabe ntchito, bola malipiro anu atsike ndi 10% kapena kuposapo kwa chaka. Kuyambira October 2023 izi zikukhudzanso a 1995 Section. Ngakhale popanda zimenezo, mutha kuchoka mu wodi n'kupita ku kiliniki ya masana, kapena masiku atatu pa sabata. Msana umapuma. Ntchito ya £15,000 pachaka, pa masamu a achimwene aja a ka 25, ikufanana ndi kukhala ndi £375,000 yosunga.

Agogo a ku Barking:
Masamu anu ndi okoma, ana anga, koma onse akhazikika pa lendi ya £1,700 yomwe sikusuntha. Ine pamenepo sindikugonja. Munthu wosiya ntchito ali ngati wosiya kulima n'kuyamba kutapa m'nkhokwe. Anankafumbwe akalowa chaka choyamba, zaka zotsatirazo ulibe pokolola kuti ubwezeretse. Mu 2008 masheya anagwa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu m'chaka chimodzi. Wa nyumba yake amachepetsa zina n'kudikira msika udzuke. Wa lendi amagulitsa masheya otsika mtengowo chifukwa mwini nyumba sadikira. Pa zaka 43 mabanki akhoza kukupatsanibe ngongole ya zaka 25. £40,000 yanuyo, bwanji osaiyang'ana ngati chiyambi cha dipoziti? Kuno ku Barking ndi Dagenham mitengo ndi yotsikirapo kuposa madera ambiri a London.

Achimwene a ku Croydon:
Agogo, ndikugwirizana nanu pa kuopsa kwa lendi, koma ngongole ya zaka 25 ikuwafikitsa pa 68. Pa 60 adzakhala akulipirabe, ndipo £40,000 ija idzakhala italowa m'makoma. Phindu lake lenileni lidzaoneka pambuyo pa 68, pomwe ndalama yofunika pachaka idzatsike ndi pafupifupi £20,000. Ndi kusinthanitsa: kupuma msanga kumavutirapo, ukalamba weniweni umapepuka. Ine ndikanakhala iwo ndikanasankha nyumba, koma ndi iwo odziwa msana wawo.

Nabanda wa ku Luton:
Kapena atuluke pang'ono mu London. Kuno ku Luton sitima imakufikitsa ku siteshoni ya St Pancras mu London pa mphindi zosakwana 45, ndipo nyumba mtengo wake ndi wina. Mdzukulu mumamuonabe Loweruka lililonse. Ndipo wokhala ndi nyumba yake akhoza kuika munthu m'chipinda chimodzi ana akachoka. Ndondomeko ya boma ya Rent a Room imalola £7,500 pachaka popanda msonkho. Kungoti 60+ Oyster ija ndi ya okhala mu London okha.

Bambo a Yamikani:
Palibe wanenapo za £300 ija. Mukuiwerengera ngati idzakhala £300 mpaka kale. Ana a malemuwo akafika ku yunivesite idzakwera. Kubwere maliro, matenda a mayi, denga lasasuka ndi mphepo, foni imalira kuno. Ndipo abale akamva kuti mwapuma pa ntchito pa 60 ku London amati ndalama zachuluka, zopempha zimawonjezeka. Muwauze msanga kuti thandizo la fizi lidzatha ana akamaliza sukulu, ndipo mukhale ndi thumba lapadera la zadzidzidzi za kumudzi lomwe silikhudza ISA. Kunyamula thupi kuchokera kuno kupita kumudzi nakonso ndi masauzande a mapaundi, mulowe m'gulu la maliro kapena mutenge inshuwalansi.

Agogo a ku Barking:
Chomaliza kwa ine. Ku England munthu akafuna kusamalidwa atakalamba, ngati ali ndi chuma choposa £23,250 amadzilipirira yekha, ndipo akalowa m'nyumba yosamalira okalamba nyumba yake imawerengedwa, kupatula nthawi zina, monga ngati mnzake wapabanja akukhalamobe. Malire a £86,000 pa ndalama zomwe munthu angadzilipirire pa chisamaliro, omwe boma linalonjeza, anathetsedwa mu July 2024 asanayambe n'kugwira ntchito. A Nachisale akudziwa mitengo ya kumalo amenewo kuposa ife. Mukambirane ndi ana anu mukadali ndi mphamvu.

Tsogolo wa ku Stratford:
Anti ndi ankolo, ine ndili ndi zaka 29 ndipo ndakhala ndikungowerenga. Ndiyambire pati?

Achimwene a ku Croydon:
Mphwanga, usatuluke mu penshoni ya kuntchito. Lamulo limati abwana aikemo osachepera 3% iwe ukaika 5%, ndipo ena amawonjezera ukawonjezera. Tsegula Lifetime ISA usanakwane zaka 40: ukaika £4,000 pachaka boma limaonjezera £1,000. Ndalamayo ndi yogulira nyumba yoyamba yosapitirira £450,000, kapena kudikira mpaka 60. Ukaitapa pa chifukwa china amadula 25%. Malire a £450,000 amenewo sanasinthe chiyambire 2017, ndiye mu London uyang'ane bwino dera lomwe ukufuna kugula usanaikemo zambiri.

Mayi a Tadala:
Zikomo nonse. Usiku uno tikhala pansi ndi bambo, titsegule Total Reward Statement ndi za National Insurance za tonse awiri, kenako tikaonane ndi mlangizi wa ngongole za nyumba tione kuti angatipatse zingati. Za 55 ndaziika pambali, ndikuyang'ana 60, ndipo ndifunsa za ntchito ya masana chaka chino chomwe.

Nachisale:
Pepani ndifunseko nanenso, poti mwina zanga n'zazing'ono. Ndili pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, ndinabwera mu 2022. Pa payslip amandidula ya penshoni mwezi uliwonse. Ndikadzabwerera kumudzi ndisanakwanitse zaka 10, ndalama imeneyo yapita?

Sisita wa ku Lewisham:
Ayi achemwali, siinapite. Pali zinthu ziwiri zosiyana. Za zaka 10 zija ndi za penshoni ya boma, yochokera ku National Insurance. Yomwe mukuiona pa payslip kuti penshoni ndi thumba lanulanu, muli ndalama zanu ndi zomwe abwana amaikamo, ndipo limakhalabe m'dzina lanu ngakhale mutachoka m'dziko muno kapena mutasintha ntchito. Mudzayamba kutapa mukafika zaka 57. Funsani dzina la kampani yomwe ikusunga thumbalo, mutsegule akaunti yake pa intaneti ndi imelo yanu yanokha osati ya kuntchito, mulembe nambala ya membala ndi ya National Insurance pamalo osatayika, ndipo mudzaze fomu yotchula munthu woti adzalandire ndalamayo inu mutamwalira. Mukasintha abwana, onetsetsani ngati atsopanowo akugwiritsa ntchito kampani yomweyo kapena ina, kuti matumba anu onse muziwadziwa.